Kachere wa a Mbewe ndi Kalabu ya Akamwini

Lamlungu lapitali tinali ndi mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirire a Lufeyo Mbewe. Mkulu wa mpingo wina anaimirira n'kunena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosayambana ndi aliyense. Ndinachita kudziluma lilime, ndipo a Nabanda, amene tinakhala benchi imodzi, anandiponda phazi kuti ndisaseke. Bodza lotere pa munthu wakufa ndimadana nalo, chifukwa limamuika m'manda kachiwiri. A Mbewe anali munthu waliuma, wa pakamwa powawa, ndipo mwa anthu oposa makumi awiri amene tili m'kalabu imene anayambitsa, palibe amene sanalalatiridwepo. Ine anandilalatira kuposa onse. Ndikuwasowa koopsa, ndipo ndikulemba izi kuti ofuna kuwadzoza mafuta adziwe kuti ena tinaliko.

A Mbewe ankakhala ku Broadhurst, mumzinda wa Gaborone ku Botswana, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Mma Tebogo, mayi wamasiye wa Chitswana amene anali ndi malamulo ambiri kuposa zipinda. Lamulo lake lalikulu linali lakuti wochita lendi asabzale kanthu pansi, ngakhale tsabola. Ankati obwera akabzala mtengo lero, mawa amayamba kuyankhula ngati eni malo. A Mbewe lamuloli sanaliphwanye, anangolizungulira. Pakati pa chitseko chawo ndi mpanda anakhoma thandala la matabwa longa loyanikapo mbale kwathu, ndipo pamenepo anandandalika nkhalango yathunthu, mithethe, milambe, mikuyu, mtengo uliwonse m'mbale yakeyake, wosapitirira mkono kutalika. Azungu amati bonsayi. Ife tinkangoti timitengo ta a Mbewe, pomwe aneba ankatchula mkuluyo kuti Rraditlhare, ndiye kuti bambo wa mitengo.

Pakati pa thandalapo panali kachere. Anamuzula ali kamphukira mumng'alu wa mwala ku phiri la ku Oodi, kalekale ine ndisanabwere kuno. Pamene ndinkamuona koyamba, thunthu lake linali lonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, mizu itakumbatira mwala, masamba ang'onoang'ono ngati zikhadabo, koma msinkhu wake wolekeza m'bondo. M'mawa uliwonse, asanapite kukagwira ntchito m'magadeni a ku mayadi, ankaima pamenepo ndi sizasi yakale ya telala, kutsina nsonga ndi kupinda nthambi ndi waya. Nthawi zina ankangoima theka la ola osadula kanthu. Ankati woyamba kudula ndi maso, sizasi imangobwera kudzavomereza. Ukawapeza ali pamenepo n'kupereka moni, ankakuyankha ndi msana.

Ine ndinabwera ku Gaborone kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzaphunzitsa masamu, ndipo ndinawadziwira ku tchalitchi kumene Amalawi timapemphera. Anandipatsa kamthethe m'mbale ya chitsulo yoboola ndi msomali, n'kundiuza kuti ndizingokathirira, ndisachite china chilichonse. Koma ine ndine mwana wa mlimi wa ku Kasungu, ndipo kwathu mbewu yopinimbira ndi manyazi a mwini munda. Ndinkati ndikakayang'ana kamtengo kaja mtima unkandiwawa, mpaka tsiku lina ndinagula feteleza wa yureya n'kuthira masupuni awiri odzaza, monga timachitira pa phando la chimanga. Patatha masiku anayi masamba onse anapserera.

Ndinakanyamula kupita nako kwa eni ake. Anakatembenuza, ananunkhiza dothi, kenako anandiyang'ana ine.

"Aphunzitsi, kodi mwauyesa chimanga?"

"Ndimaumvera chisoni, bambo. Umaoneka wanjala."

"Chisoni! Ma degree onse aja mwabwera nawo kuno, chisoni? Mtengo uwu sumadwala ayi, umadziwa kukhala pamalo pochepa. Inuyo ka room kanu kaja n'kakakulu bwanji? Tikuthireni feteleza nanunso?"

Anandiletsa kugwira sizasi chaka chathunthu, ntchito yanga inali kusefa mchenga. Pambuyo pake ndinaona kuti Mmalawi aliyense wolowa m'kalabu amagwa m'mbuna yomweyo. Wina amathira manyowa a nkhuku, wina amasamutsira mtengo m'chidebe chachikulu kuti upume. A Mbewe ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake mtengo woyamba ankakupatsa umene sakanaulira.

Za kumene anachokera sankakonda kukamba, ndipo zimene ndikudziwa ndinachita kutolera pang'onopang'ono. Kwawo kunali ku Dedza, koma anakakwatira ku Ntcheu n'kukhala chikamwini. Akuluakulu amati mkamwini sabzala mtengo kwa eni, koma iwo ndi liuma lawo lomwelo anabzala mango khumi ndi awiri kuseri kwa nyumba, namathirira ndi ndowa kuchokera kudambo. Chaka chimene mangowo anayamba kubereka, mkazi wawo anamwalira, ana asanakhale nawo. Alamu awo anadikira kuti za maliro zithe, kenako anawasudzula mwaulemu wonse n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Anachoka ndi bulangeti, khasu ndi wailesi. Ankati chimene chinawawawa sikunali kuchotsedwako, poti mwambo ankaudziwa, koma kuti mtengo sutsata munthu.

Atafika ku Botswana anagwira ntchito m'gadeni ya mayi wina wachizungu amene ankasunga timitengo totere, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kudulira mizu ndi kupinda nthambi. Kontirakiti ya mwamuna wa mayiyo itatha, kunabwera lole. A Mbewe anakweza mipando, anakweza mabokosi, kenako anakweza mitengo. Ankati anaima pageti kuyang'ana mitengo ikupita ndi mwini wake, masamba akugwedera pamwamba pa lole, ndipo sabata yomweyo anapita ku Oodi kukafuna kachere wawo.

Kalabu inayamba ndi anthu atatu, iwowo, ine, ndi a Nabanda aja, amene ndi namwino. Tinkakumana Loweruka masana pa thandalapo, titakhalira makireti. Dzina anapereka okha, osafunsa munthu. Ankati tonse obwera m'dziko lino ndife akamwini, pemiti ikatha amakuperekeza pamsewu mwaulemu, choncho uzibzala chimene ungathe kusenza. Tinakhala Kalabu ya Akamwini. A Nabanda atadandaula kuti iwo ndi mzimayi, anawayankha kuti ku Gaborone ngakhale mzimayi ndi mkamwini.

Chimene chinatikulitsa ndi miseche. Amalawi anzathu anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu ndi wokhwima, nanga munthu wabwinobwino angasunge bwanji mlambe m'mbale? Ena ankati akupinimbiritsa mitengo kuti alemere, mmene ena amapusitsira ana awo. Nkhaniyi itawafika m'khutu sanapite kukadandaula kwa abusa. Lamlungu lotsatira anakwera kombi atafungata mlambe pamiyendo, analowa nawo m'tchalitchi, anaukhazika pa benchi ya kutsogolo pambali pawo, ndipo nyimbo zonse anaimba mokweza ndi mawu awo oipa aja. Potuluka anaima pakhomo.

"Bwerani muugwire," ankatero kwa aliyense. "Amene akuti muli chizimba abwere afukule aone. Ine ndakhwimira chiyani, ngakhale njinga ndilibe?"

Anthu anaseka, ena anaugwiradi, ndipo Loweruka lotsatira makireti anachepa. Kunabwera alonda, telala wa ku Tlokweng, Mzambia wokonza magetsi amene ankatitolera zidutswa za waya, kenako ngakhale Atswana awiri ochita lendi ngati ife. Lamulo lolowera linali limodzi lokha, ukhale wopanda malo ako. Dokotala wina wa kwathu atapeza nyumba yakeyake, a Mbewe anamuuza kuti akabzale mitengo yeniyeni, asiye kutipanikiza pa kireti. Ndinakangana nawo pa zimenezi mpaka osayankhulana milungu itatu, chifukwa ndinkaona kuti ndi nsanje chabe. Mpaka lero ndikukhulupirira kuti inalidi nsanje.

Koma wofuna kuwadziwa a Mbewe amve za chaka cha chilala chija, pamene damu la Gaborone linaphwa mpaka kuoneka matope, ndipo a zamadzi analetsa kuthirira maluwa ndi kapinga ndi madzi a pampopi. Mtengo wa pansi umapirira, mizu yake imakafuna madzi kutali. Wa m'mbale ukakhala masiku awiri a dzuwa la kuno osamwa, ndiye kuti wapita. Mma Tebogo anaika loko pa mpopi wa panja, nayamba kugawira anthu ake a lendi ndowa imodzi patsiku yosamba, kupatula akumwa ndi ophikira. Loweruka lina anatipeza tonse pa thandala, manja ali m'chiuno.

"Rra Mbewe, ga go na metsi," anatero, n'kupitiriza m'Chitswana chosakaniza ndi Chingerezi. "Madzi kulibe. Anthu akusowa akumwa, inu mukumwetsa zidole. Ine sindilipira faindi chifukwa cha makwerekwere. Mitengoyi ichoke, apo ayi muchoke nayo limodzi."

Makwerekwere ndi dzina lonyoza limene amatitchula nalo obwerafe. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ambirife mapepala athu sanali oti n'kukweza nawo mawu. Pa thandalapo panalinso mitengo ya alonda ndi ena amene analibe poika kwawo, moti ikanachoka pamenepo, kalabu ikanathera pomwepo. A Mbewe anaika sizasi pansi bwinobwino.

"Mma, ndowa yosamba ija mupitiriza kundipatsa?"

"Ee, ngati wina aliyense."

"Ndikasamba, madziwo amakhala a ndani?"

"Limenelo ndi litsiro lanu, rra."

"Ke a leboga, zikomo mma. Ndiye litsiro langa ndimwetsa amene ndamufuna."

Zinamveka zophweka, koma panali vuto. Sopo amawononga mizu m'mbale yaing'ono. Choncho a Mbewe anasiya sopo. Ankaima m'beseni lalikulu, kudzithira madzi ndi kapu, kudzikhula ndi mwala, kenako madzi a m'beseniwo ankawasefa pa nsalu n'kugawira mitengo ndi kapu yomweyo, kuyambira kachere. Ndowa imodzi sikanakwanira thandala lonse, ndiye anaika lamulo lakuti aliyense wa m'kalabu azisamba kopanda sopo kawiri pa sabata n'kubweretsa madziwo m'mabotolo. Madzi otsukira mpunga analoledwanso.

Ine poyamba ndinakana. Ndinati ndine mphunzitsi, ndimaima pamaso pa ana a eni. Anandiyankha kuti masamu sanunkha. A Nabanda, amene ntchito yawo ndi ya ukhondo, ndiwo anayamba kufika ndi zigubu ziwiri nkhope ili gwa, ndipo ine manyazi anandigwira. Mukanationa miyezi imeneyo m'makombi a ku Broadhurst, anthu akuluakulu titafungata mabotolo a madzi otuwa ngati tikuchokera kwa sing'anga! A Mbewe okha anapita nazo patali, sopo sanamukhudze mpaka mvula. Kunena zoona, ankanunkha. M'kombi anthu ankatsegula mawindo, ndipo nyumba ina kumene ankagwira ntchito anawauza kuti asamafike pakhomo la khitchini. Iwo ankangoti fungo silinaphepo munthu.

Mma Tebogo sanagonje msanga. Anaitana munthu wa zamadzi kuti adzaone yekha. Munthuyo anapeza mpopi uli ndi loko, anaona beseni, anatsegula botolo limodzi n'kubwerera m'mbuyo. Anafunsa kuti madzi amenewa akuchokera kuti.

A Mbewe anatambasula manja. "Pathupi pano, rra. Ngati mukufuna umboni, yandikirani."

Sanayandikire. Anauza Mma Tebogo kuti lamulo silikuletsa madzi ogwiritsa kale ntchito, nakwera galimoto yake.

Chaka chimenecho tinataya mitengo ingapo, makamaka yanthete. Kachere anayoyola theka la masamba ake koma anakhala ndi moyo. Tsiku limene mvula inagwa, aneba akufuula kuti "Pula! Pula!", a Mbewe anatuluka ndi sopo watsopano, anaima pakati pa bwalo la Mma Tebogo ndi kabudula yekha, n'kusamba mvula ikuwagwera, thovu likuyenderera mpaka pakhonde la mayiyo. Mayiyo anatseka katani. Patapita kanthawi anatsegula zenera n'kuwaponyera thaulo. Musaganize kuti kuyambira pamenepo anakhala pa ubwenzi. Anapitiriza kukangana za masamba ogwera pabwalo mpaka kumapeto.

Matenda anawalowa a Mbewe mwakachetechete patapita zaka zingapo, chifuwa ndi kutupa miyendo. A Nabanda atawaperekeza ku chipatala anabwera n'kutiuza kuti tisayembekezere zambiri, ndipo eni akewo ankadziwa. Loweruka lina anatiitana tonse. Anakhala pa mpando atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kugawa mitengo yawo, uliwonse ndi chitonzo chake. Ine anandipatsa mlambe unapita ku tchalitchi uja, ati ndi wokhawo umene ngakhale mphunzitsi sangauphe. Pa mitengo yawo yonse panatsala kachere yekha.

Tonse tinkadziwa kuti thupi lawo lidzapita ku Dedza, poti Amalawi kuno sitisiya mnzathu kuchilendo. Ndinawauza kuti kachereyo tidzamukweza nawo limodzi, mtengo utsate mwini wake monga ankalakalakira zaka zonsezi. A Nabanda anapukusa mutu, nati pamalire salola dothi ndi mbewu kudutsa chisawawa, ndiponso ulendo wa masiku atatu m'ngolo yotseka ungamuphe. A Mbewe anatisiya tikangane mpaka titatopa.

"Mwamaliza? Ameneyu sapita ku Dedza, kumeneko akadyedwa ndi mbuzi. Ine ndikatsikira kuli chete, mumuchotse m'mbale, mumubzale pansi. Apa." Analoza ndi ndodo pakati pa thandala ndi mpanda.

Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. Ndinawauza kuti zaka zonse za sizasi zithera pomwepo, kuti pakangotha mvula ziwiri adzakhala kachere wamba ngati wa pamsika, kuti madzi aja tinanunkhira nawo m'makombi sitinasenzere zimenezo.

"Aphunzitsi, ine ndinamupanikiza m'mbale chifukwa ndinkaopa kupirikitsidwa. Moyo wanga wonse ndakhala wokonzeka kusenza. Nanga pano andipirikitse ndani? Wakufa sapirikitsidwa. Mlekeni mnzangayu atambasule miyendo."

"Nanga lamulo la Mma Tebogo?"

"Lamulo lake likuti wochita lendi asabzale. Ine tsiku limenelo lendi ndidzakhala nditasiya." Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anandiloza ndi ndodo ija. "Ndipo mudzabzale ndinu, paja mumamvera chisoni mitengo. Feteleza wanu uja mudzabwere naye. Koma pang'ono, aphunzitsi, si chimanga."

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, patatha milungu isanu. Thupi litanyamuka, Loweruka lake tinasonkhana tonse masana, aliyense akuona. Ndinadula mawaya, ndinagogoda mbale mpaka mizu inatuluka yonse pamodzi ndi mwala wake. Titayamba kukumba, Mma Tebogo anatuluka.

"Lamulo langa mukulidziwa," anatero.

A Nabanda sanaphethire. "Tikulidziwa, mma. Koma wobzalayu si wa lendi wanu. Anasamuka Lachiwiri."

Mayiyo anayang'ana kachere, nayang'ananso chitseko cha kachipinda kaja. Ine ndinali nditakonzeka kale kumva za apolisi.

"Munthu ameneyu ngakhale atafa akundivutabe," anatero potsiriza. "Pamenepo pali paipi, sunthirani uko. Ndipo mumve bwino, muzu wake ukangokhudza mpanda wanga, ndidula ndi nkhwangwa."

Tinasunthira, tinabzala, ndipo feteleza ndinathira theka la supuni, patali ndi tsinde.

Kalabu tsopano imakumana ku Tlokweng kwa telala uja, ndipo ikukulirakulira. Olowa kumene akupitiriza kupha mtengo woyamba ndi chisoni, koma palibe amene amadziwa kuwalalatira bwino. Lamlungu lija, titachoka ku mapemphero a munthu wofatsa amene sindinamudziwepo, ndinadzera ku Broadhurst ndekha. M'kachipinda kaja mukukhala munthu wina amene sadziwa kanthu za zonsezi. Thandala likadalipo, Mma Tebogo akukaniza kuliphwasula, ati matabwawo tsopano ndi ake. Pa matabwapo patsala zizindikiro zozungulira pamene pankakhala mbale iliyonse, chachikulu chili pakati, ndipo fumbi layamba kuzikwirira. Msomali umene ankapachikapo sizasi uli wokha. Beseni lija analivundikira pansi pa thandala, m'mphepete mwake mwachita dzimbiri.

Kachere wandifika pachifuwa. Masamba ake akula, nthambi zikulowera kulikonse kumene zafuna, zipsera za waya zikutsekeka, ndipo ndi wosaoneka bwino m'pang'ono pomwe, poti palibe womutsina nsonga. Dothi la patsinde linali lonyowa ngakhale mvula sinagwe mwezi wathunthu, ndipo sindinafunse kuti amathirira ndani. Nditawerama ndinaona muzu umodzi wonenepa ngati chala utatulukira pamwamba pa dothi, utadutsa kale pansi pa thandala, utalunjika kumpanda wa Mma Tebogo. Kwatsala dzanja limodzi kuti ufike. Ndinayang'ana kuzenera la mayiyo, katani inali yotseka, ndipo ndinaukwirira muzuwo ndi phazi.